Maloko Awiri pa Chitseko cha Amake Rayyan

Makasitomala anga ndikamawaluka tsitsi amakonda kufunsa za Warda. Amamuona ali pakhonde pake, mpango kumutu, laputopu pamiyendo, maso ali kutali ngati munthu wodikira basi imene sinanyamuke n'komwe. "Uja mukazi asebenza chani kansi?" Ine ndimati amalondera chitseko. Amayesa ndikuwaseka, koma ndi mmene mwini wake anandifotokozera. Ndipo pa nkhani ya zitseko banja limeneli lili ndi mbiri. Chitseko cha pakati pa mdadada wathu chinakhala ndi maloko awiri kwa chaka ndi miyezi ingapo, wina wa Warda, wina wa mlongo wake Rayyan, ndipo m'kati mwake munali zonse zimene mayi awo anasiya pansi pano.

Ine ndine Justina. Warda ndinakulira naye pabwalo limodzi kuno ku komboni ya Kanyama. Nyumba yathu ndi ya zipinda zotsatana, ndipo mwini wake anali mayi ake a Warda, amene tonse tinkawatchula Amake Rayyan potengera dzina la mwana wawo wachisamba. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, Asilamu. Amuna awo atamwalira, iwo anatsala ndi nyumbayi, makina osokera ndi ana awiri. Amayi anga ankachita lendi chipinda chakumapeto, chimene ndikukhalamo ine mpaka lero. Ife ndife a Pentekosite, opemphera mpaka malata kunjenjemera, koma Amake Rayyan sanadandaulepo. Ankangonena akumwetulira kuti iwo amadziwa kuti Mulungu si gonthi, koma mwina ifeyo tinamva zina.

Pabwalopo panali bafa limodzi la mabanja onse, la mabuloko, lopanda denga, chitseko chake chopanda chotsekera. Amake Rayyan anaika lamulo. Wolowa akoleke chitenje pamwamba pa chitseko. Wobwera akaona chitenje anene "odi", wam'kati atsokomole. Wotuluka achotse chitenje chake n'kufuula kuti "nachoka!", kuti amene akuodzera padzuwa atakhalira zidebe zawo amve. Lamuloli linkayenda bwino mpaka m'mawa wina pamene Ba Chisala, dalaivala wa minibasi, ndi mayi wina wogulitsa tomato anafika pa nthawi imodzi, wina kuchokera kumanja, wina kumanzere. Aliyense maso anali pamwamba pa chitseko, aliyense anaona kuti palibe chitenje, aliyense anathamangira kulowa. Zidebe zinagundana, sopo anauluka, ndipo mawu amene anatuluka pamenepo sindingawalembe chifukwa ndine wopemphera.

Ana tonse tinaseka mpaka kugubuduzika. Warda yekha sanaseke. Anapita kwa mayi ake, nkhope ili gwa.

"Amayi, nanga anthu abili akaona pamozi kuti mulibe munthu, olakwa ni ndani?"

"Olakwa ni iwe wamene sunasuke mbale," anayankha motero osachotsa maso pa singano.

Funso limenelo Warda sanalisiye, ndipo lero ndi limene limamudyetsa.

Panali lamulo lachiwiri, koma limeneli sanaike ndi iwo. Ndi la komboni yonse, mwana amaliyamwira kubere: loko wa mnzako sugwira. Ungamuyang'ane, ungamunyoze kuti ngwotchipa, koma dzanja ayi. Munthu mmodzi akangokuona zala zili pa loko wa eni n'kukuwa kuti "kawalala!", kutanthauza wakuba, udzafotokoza uli kale pansi, anthu atakuzungulira ndi miyala. Ngakhale posesa pakhomo pa mnzako, chigongono umachisunga kumbali. Sitiganiza n'komwe, thupi limangodziwa lokha.

Warda anali mwana wolota ali maso. Ukamutuma mafuta ophikira, umakamupeza ataima pamphambano akuonerera mmene maminibasi akukanirana njira, botolo lili m'manja lopanda kanthu. Kusukulu masamu ankangomwa ngati madzi. Mayi ake akapita ku Kamwala kukagula nsalu, ankamusiya pa kashopu ka makompyuta ka m'bale wawo wina, ndipo pobwerera ankachita kumuzula pampando. Anthu ankanena kuti mwana wamkazi azikhala pa makina osokera, osati enawo. Amake Rayyan ankayankha kuti onse ndi makina, kungoti enawo sabaya chala. Anasoka mayunifolomu ndi madiresi aukwati mpaka maso kufiira. Rayyan naye atayamba kuwotcherera zitsulo kumafakitale a ku Heavy Industrial Area ankathandiza, ndipo Warda anamaliza koleji. Tinkayesa asamukira kumayadi. Ayi, anakhalabe m'chipinda chake choyandikana ndi cha mayi ake, akuti intaneti ya ku Kanyama ndi ya kumayadi ndi mphepo imodzi yomweyo.

Tsitsi la Warda ndimalidziwa ine ndekha. Kunja savula mpango, choncho ndimamuluka m'chipinda mwake masana, dzuwa likamawotcha malata. Pa nthawi ngati imeneyo munthu amalankhula ngati ali m'tulo, ndipo ndi pamene anandiuza za ntchito yake. Kakampani kamene kanamulemba kamapanga timabokosi toyendetsa mapampu a pazitsime za m'makomboni. Kabokosiko kamayang'ana madzi m'thanki, akachepa kamayatsa pampu, akadzaza kamazimitsa. M'kati mwake muli kakompyuta, ndipo pamtima pa kakompyutako pali pulogalamu imene imalamula zina zonse. Iye amaitcha kenelo, ndipo ndi mmenemo mmene amalembamo.

"Ganiza chabe ni nyumba monga ino," anatero, maso ali chotseka, ine ndikugawa mzere ndi chipeso. "Muli tunchito tambiri, tonse tuthamanga pa nthawi imozi. Kena kapima manzi, kalemba nambala. Kena kabelenga nambala ija, kayasa pampu. Manje nambala ni imozi chabe, monga bafa yathu. Uyu akalibe kusiliza kulemba, uja abwela kubelenga, apeza hafu ni ya manje, hafu ni yakudala. Thanki ilibe kanthu, yeve aona monga yazala."

"Manje iwe uchita chani?"

"Nipanga loko. Wamene afuna kugwila nambala atenge loko poyamba. Winangu akapeza pokhoma, agone. Uja akasiliza, atsegule, amuutse."

"Agone? Pa nchito?"

"Kugona ni bwino kupambana kuimilila pa chitseko, kugogoda-gogoda. Magetsi yasila chabe."

Ndinamuuza kuti ntchito yogona imeneyo andipezereko. Koma kuyambira tsikulo, ndikapumula masana, ndimawalota anthu ake aja. Ndi ang'onoang'ono ngati nyerere, ovala maovololo, ayala timikeka m'kanjira kowala mobiriwira, aliyense kachidebe kake pambali. Sakangana, satukwana. Wina amatuluka n'kugwedeza mnzake paphewa, uyo n'kudzuka n'kulowa. Ndimadzuka mtima uli m'malo, n'kumva kunja anthu enieni akulimbirana mzere wa pampopi.

Amake Rayyan anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala masiku ochepa. Asilamu sachedwa ndi maliro. M'mawa tinali nawo, dzuwa lisanalowe amuna anali atabwerako kumanda, ife akazi titatsala pabwalo tikungoyang'anana. Ine ndinalira ngati mayi anga ondibala. Warda sanalire. Anakhala pamkeka akupinda kansalu kamodzi, n'kukatambasula, n'kukapindanso.

Mkangano unabuka itatha sadaka, chakudya chimene amaphikira anthu pokumbukira womwalira. Rayyan anati zovala za mayi zigawidwe kwa abale ndi osauka monga zimakhalira, chipinda chisesedwe, chifukwa mkazi wake Firdaus anali woyembekezera ndipo chipinda chawo chinali chopanikiza. Kunena zoona, sankalakwa. Koma analankhula ngati akuyeza geti ndi tepi, ndipo Warda anali asanayambe n'kulira komwe. Iye anati kanthu kasasunthe, ngakhale ulusi umene unatsala m'singano.

"Achimwene, manda yakalibe na kuuma, mufuna kale bedi ya amayi?"

"Iwe Warda, akufa safuna chipinda. Amoyo ndiye afuna."

M'mawa mwake Warda anagula loko n'kukhoma. Rayyan pobwera kuntchito anaona, n'kupita kukabwereka makina owotcherera. Pansi pa loko wa mlongo wake anawotchererapo pokoleka pake, n'kuphimba ndi kabokosi kachitsulo ngati kamene amaika pamageti a anthu kuti akuba asadule. Loko amabisika m'kati, umangoona kumatako kwake, ndipo potsegula umachita kulowetsa dzanja chapansi. Moto unkathetheka pakhonde ponse, phokoso lake lolowa m'mano. Atamaliza anakweza mawu kuti bwalo lonse limve.

"Ngati ine siningene, na iwe suzangena!"

Warda analowa m'chipinda mwake n'kudzitsekera. Ine ndinapita kumapemphero amadzulo mtima uli wolemera. Sabata isanathe, Rayyan anabwera ndi kalole, n'kupakira katundu ndi mkazi wake, ulendo wa ku komboni ya George. Sanatsanzikane.

Chaka chimenecho mvula inakana. Mitambo inkabwera n'kutiyang'ana, n'kupita kwina. Magetsi ankazima tsiku lonse, fumbi linkalowa mpaka m'mapoto ovundikira, ndipo masana komboni yonse inkaoneka ngati ikuyandama m'chifunga chotentha. Warda anagula batire la sola n'kusamutsira ntchito yake pakhonde, moyang'anana ndi chitseko chija. Malata akamalira ndi kutentha, ankatukula mutu n'kumvetsera. Tsiku lina anandiuza kuti nthawi zina amamva ngati makina osokera akuyenda m'katimo, pang'onopang'ono, ngati munthu akusoka mpendero. Sindinamutsutse. Nanenso pena ndikamasesa pamenepo ndinkamva kafungo ka lubani amene mayi aja ankafukiza Lachisanu, ndipo ndinkachepetsa phokoso la tsache.

Firdaus atachira, mwana wamkazi, ndinapita ku George ndi sopo ndi chitenje. Nditanyamula khandalo ndinalimba mtima.

"Ba Rayyan, chibale ni fupa, sichiola. Ija loko, mukambapo chani?"

Anayang'ana kukhoma. "Ine vanga ninasiliza kudala, Justina. Aziba. Vasalako ni vake."

Mawuwo ndinakamutulira Warda mmene ndinawalandirira. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankaziyembekezera. "Asiliza na ine," anatero. Patapita kanthawi anafunsa kuti mwanayo mphuno yake ndi ya ndani. Ndinati ndi ya mayi ake a Warda, yeniyeni. Anatsegula laputopu n'kuyamba kulemba, ndipo ku George sanapite. Anthu awiriwa ndinkalakalaka nditawagundanitsa mitu. Onse ndi ofatsa, onse ndi aulemu, ndipo munthu wofatsa akauma mtima amaposa chidakwa, chifukwa chidakwa chimaiwala kukacha.

Chilala chinatizunza, koma chinthu chimodzi chinachita bwino: chinasunga chipinda chija. Kanyama inakhala pathanthwe. Mvula ikagwa yeniyeni madzi salowa pansi, amangodzaza misewu n'kuyamba kuyendera anthu m'nyumba. Chipinda cha Amake Rayyan ndicho chotsika kuposa zonse pamdadada wathu. Chaka ndi chaka iwo ankakweza masutikesi pabedi, makina osokera pamabuloko, n'kuika matumba a mchenga pakhomo. Tsopano zonse zinali pansi, mmene anazisiyira popita kuchipatala.

Dzinja lotsatira litayandikira, mitambo inayamba kuoneka kuti yatsimikiza. Kutchalitchi tinali titasala kudya kupempha mvula, koma walira mvula walira matope. Ndinamuuza Warda mosabisa.

"Mvula ikabwela, masutikesi ya amayi yazasambila."

"Nizachita bwanji? Loko yanga ningachose. Yake nayo?"

"Muitane pa foni."

"Anasiliza na ine. Unamvela weka."

"Ndiye tiphwanye chitseko."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tikafukule manda. Ndinamusiya, koma ndinkachita mantha, ndipo ndinkaona kuti nayenso akuonda. M'mawa uliwonse ankatuluka n'kuyang'ana kumwamba, kenako chitseko, kenako pansi.

Masiku omwewo ntchito nayo inamuvuta. Pachitsime china ku komboni ya Kuku pampu inkangoima yokha. Si tsiku lililonse ayi, inkatha kuyenda bwinobwino kwa nthawi, kenako zii. Kabokosi kali moyo, kanyali kake kakuyaka, thanki itauma gwa, azimayi ali pamzere ndi zidebe. Ukakazimitsa n'kukayatsanso kankayamba kugwira ntchito ngati sikanalakwepo. Vuto linali m'gawo limene analemba iye. Anabwera nako kunyumba, mawaya ali lendelende ngati matumbo a nkhuku, n'kumawerenga zolemba zake mobwerezabwereza. Loko wake wa m'pulogalamu uja anali bwino, panalibe awiri olowa pamodzi. Koma wina m'katimo ankagona osadzukanso, ndipo iye sankaona chifukwa chake.

Tsiku limene anapeza linali Loweruka masana. Kumadzulo kunali kutada bii, mphepo ikubweretsa fungo la dothi lonyowa kuchokera kumene inali itagwa kale. Ndinali nditamuluka theka la mutu, iye laputopu ili pamaondo. Mwadzidzidzi anawongoka mpaka chingwe cha tsitsi kundipulumuka.

"Justina, namupeza!"

"Ndani?"

"Wogona uja. Mvela. Uyu wa pampu abwela, ayangana, apeza pokhoma. Akamba mumtima, lekani nigone. Manje pakati apo, atembenuka chabe kuti ayale mphasa, akalibe kugona, uja winangu asiliza. Atsegula, akuwa kuti 'nachoka!' Ayangana pogona anthu, palibe aliyense. Ayenda. Uyu naye agona, ayembekeza mau yamene yanapita kudala."

"Mpaka liti?"

"Mpaka Yesu akabwele, wanu na wathu."

"Chitseko chili chotsegula?"

"Chotsegula. Elo palibe wamene ananama. Uyu anaona zoona, uja anakuwa zoona. Vinaphonyana chabe."

Anthu anga a m'maloto aja ndinawamvera chisoni. Ndinamuona mmodzi ali yekha m'kanjira kobiriwira kaja, atafunda mpaka kumutu, chitseko chili pululu pambali pake.

"Manje mankhwala yake ni chani?"

"Ayambe kuzionesa kuti nili pano, niyembekeza, kuti wotuluka amupeze. Elo akalibe kutseka menso, ayeseko futi chitseko na kwanja kwake. Asakhulupilile vamene anaona poyamba."

Anayamba kulemba mofulumira, milomo ikuyenda. Analemba mizere yochepa, kenako zala zinaima. Ndinayesa batire latha. Ayi, anali akuyang'ana pazenera, kumene kumaonekera ngodya ya chitseko cha mayi ake. Pamalata panagwa dontho, kenako lina, akuluakulu ngati wina akuponya timiyala.

Anaika laputopu pabedi, n'kudziponyera mpango pamutu wolukidwa thekawo, n'kutuluka. Ndinamutsatira chipeso chili m'manja. Anaima pachitseko paja nthawi ndithu. Kenako anawerama n'kulowetsa dzanja pansi pa kabokosi kachitsulo ka Rayyan. Ine, munthu wamkulu, pabwalo pathu pomwe, ndinacheuka uku ndi uku kuona ngati wina akutiona.

Loko anangogwera m'dzanja lake. Anali wosakhoma. Anangokolekedwa, kakamwa kali yasa. Kansonga kamene kamayenera kukhala m'bowo kanali kofiira ndi dzimbiri, ndipo m'bowomo mavu anali atamangamo kanyumba kawo ka dothi, kouma kale, ana atatulukamo. Warda anamutembenuza m'manja. Mvula inali itayamba kuthira zenizeni.

Loko wa Warda yemwe ndi amene anativuta. Kiyi ankakana kuzungulira mpaka ndinathamangira mafuta ophikira. Chitseko chitatseguka tinalandiridwa ndi mpweya wotsekeredwa, wa lubani ndi mafuta a makina ndi nkhungu pang'ono. Zonse zinali m'malo mwake. Diresi la mwana wa eni linali pansi pa singano, mkono umodzi wosasokedwa. Patapata wa Amake Rayyan anali pambali pa bedi, moyang'ana kukhomo. Tinalibe nthawi yoimirira, chifukwa madzi anali atayamba kale kukwawa pakhonde, ofiira, atanyamula timapepala ta maswiti. Tinakweza masutikesi pabedi, tinakoka makina n'kuwaika pamabuloko, tinapachika mkeka wopempherera pamsomali. Pomaliza madzi anali m'mapazi, koma panalibe chimene chinanyowa.

Warda anakhala pamphepete pa bedi, loko wa Rayyan ali pamiyendo. Anatulutsa foni. Malata ankasokosa kwambiri, choncho ndinaigwira ine n'kuikweza mawu kuti timve tonse. Inaitana nthawi yaitali.

"Halo?"

"Achimwene, ndine. Loko yanu... munatsegula liti?"

Mvula inkamveka, ya kuno ndi ya ku George.

"Siku yamene ija," anatero Rayyan. "Zuba ikalibe na kungena. Ninabweza mashini, nakhala pansi, namvela nsoni, manyazi yakulu."

"Simunaniuze."

"Ninakuuza! Ninaimilila pa chitseko chako, nakamba odi. Nakamba odi futi. Nakamba kuti Warda, natsegula, vinthu va amayi visunge mwamene ufunila, ise tizasakila pokhala kwina. Unangokhala zii. Kuseni, kutacha, napeza loko yako ikalipo. Nati basi, yankho ni iyo."

Warda anatseka maso. Anandiuza pambuyo pake kuti madzulo amenewo, atangodzitsekera m'chipinda muja, anatseka makutu ndi mahedifoni n'kubisa mutu pansi pa pilo, ndipo tulo tinamupeza ali chomwecho. Koma pa nthawiyo sanathe kufotokoza. Anangoti, "Sininamvele, achimwene. Mulungu aziba, sininamvele."

Ndinamumva Rayyan akupuma. Kenako kumbuyo kwake kunamveka chiphokoso cha mapoto akugwa, Firdaus akukalipa, ndi kamawu kakang'ono kakuseka kwambiri.

"Ni ndani uyo?" anafunsa Warda.

"Ni mwana. Agwesa mapoto pa shelefu."

"Afikapo bwanji pa shelefu?"

"Ayenda, Warda. Anayamba kuyenda mwezi watha."

Pamenepo mnzanga analira. Analira kulira kumene sanalire pamaliro, atagwira chitenje cha mayi ake pakamwa, mapewa akugwedezeka, madzi akuzungulira akakolo athu. Ine foni ili m'manja, nanenso misozi ili chuchuchu, osadziwa woti ndimutonthoze. Ku George kuja Rayyan sankamva kanthu koma malata.

"Halo? Warda? Ulipo?"

Anachotsa chitenje pakamwa mwachangu, n'kundilanda foni.

"Nilipo, achimwene. Nilipo. Musadule."